Dzaleka: Malo a Akaidi ndi Alendo

Munthu akachoka ku Lilongwe kulowera kumpoto, n'kudutsa pa Lumbadzi, amafika pa mphambano yomwe aliyense amangoti pa Dowa Turn-off. Akakhotera kumanja, msewu umakwera pang'onopang'ono pakati pa minda ya chimanga, soya ndi fodya. Asanafike pa Dowa boma, minda ija imatha mwadzidzidzi, ndipo kumaoneka nyumba za zidina zothithikana, zina zofolera malata, zina udzu, zina malona opanikiza ndi miyala kuti asauluke. Mphepo ya kumeneko ndi yodziwika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi imalowa mpaka m'mafupa, ndipo pofika Okutobala imanyamula fumbi n'kumalithira m'maso ndi m'mbale momwe. Pamenepa ndiye pa Dzaleka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku likulu la dziko lino. Lero tonse timapadziwa ngati msasa wa anthu othawa kwawo, koma makolo athu anapadziwa mwa njira ina. M'masiku awo dzinali linkatchulidwa monong'ona, munthu atayamba wayang'ana uku ndi uku.

Pa nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, Dzaleka inali ndende ya anthu omwe boma linkawaganizira kuti ndi oukira. Gwero lake ndi kusamvana kwa nduna mu 1964, dziko litangolandira kumene ufulu wodzilamulira, pamene a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Yatuta Chisiza, a Henry Masauko Chipembere ndi anzawo anasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mu Febuluwale 1965 a Chipembere anayesa kulanda boma kuchokera ku Mangochi koma zinakanika. Kuyambira pamenepo kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kunasanduka chizolowezi. Kungotchulidwa kuti ndiwe chigawenga kunali kokwanira. Mphunzitsi, kalaliki, mlimi kapena wa golosale ankatengedwa usiku, nthawi zina chifukwa cha mawu amodzi olankhulira pamowa, nthawi zina chifukwa cha nsanje ya mnansi yemwe ankasirira munda kapena udindo wake. Ena ankapita ku Zomba, ena ku Mikuyu itamangidwa, ena n'kudzatsitsidwa pa Dzaleka. Wakuba ankadziwa tsiku lomwe adzatuluke chifukwa khoti linamuuza. Mkaidi wa ndale analibe tsiku lotere, ndipo omwe anapulumuka amanena kuti kusadziwa kumeneko kunkapweteka kuposa chikoti.

Gulu lina lomwe linadzaza ndendeyi ndi la Mboni za Yehova. Boma linaletsa chipembedzo chawo mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Aliyense amene anakula m'zaka zimenezo amalikumbukira khadilo, chifukwa anyamata a chipani ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi n'kumalifunsa. Mu 1972 nkhanza zinafika pachimake. Nyumba zinatenthedwa, anthu anachotsedwa ntchito, ena anamenyedwa mpaka kufa, amayi anagwiriridwa. Zikwizikwi anathawira ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale, ndipo pambuyo pake ku Mozambique, ku Mlangeni, pafupi ndi malire athu. Mu 1975 anakakamizidwa kubwerera, ndipo ambiri anangofikira m'manja mwa apolisi. Dzaleka inalandira abambo, amayi ngakhale ana oyamwa. Kumeneko anapeza ntchito yakalavulagaga, kumenyedwa, chakudya choperewera, kuzizira ndi matenda, ndipo ena sanatulukemo amoyo. Chiletso cha chipembedzochi chinadzachotsedwa mu 1993.

Kumudzi nako kunali ndende yakeyake. Bambo akatengedwa, pakhomo pake pankayamba kuzizira. Anthu omwe dzulo ankabwera kudzapala moto ankalambalala, poopa kuti nawo angalembedwe. Mayi wotsala ankalima yekha, ana ake n'kumalozedwa zala kusukulu. Komabe chifundo sichinathe, chinangophunzira kuyenda usiku. Mlongo ankabweretsa ufa m'kansengwa atauphimba ndi chitenje, n'kuusiya kuseri kwa nkhokwe osagogoda. Malume ankatenga mwana mmodzi kukamulipirira fizi, osauza aliyense kuti ndi wa yani. Mkaidi uja akatuluka patapita zaka, ankabwera ataonda, mano ena atapita, ali chete. Ankakhala pakhonde tsiku lonse kuyang'ana kumsewu, ndipo galimoto ikaima pafupi ankalowa m'nyumba. Achibale ankangoti anabwerako munthu wina. Panalibe dokotala kapena mlangizi womufunsa za m'mtima, ndipo iye mwini sakanatha kufotokoza, pakuti kunena zomwe unaona kundende kunali mlandu wina.

Chodabwitsa m'mbiri ya dziko lino n'chakuti m'zaka zomwezo, pamene ana ake ena ankazunzidwa ndipo ena anali ku Tanzania ndi ku Zambia ngati othawa kwawo, Malawi inalandira alendo ochuluka kuposa mayiko ambiri olemera. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO itakula ku Mozambique, makamaka kuyambira mu 1986, anthu anakhamukira kuno kudzera ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Chiwerengero chawo chinapitirira 1 miliyoni, pomwe kalembera wa 1987 anapeza kuti Amalawi enieniwo analipo pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje kunafika poti alendo anachuluka kuposa eni nthaka. Kunali misasa ikuluikulu monga Mankhokwe ndi Chifunga, koma anthu ochuluka zedi sanakhale m'misasa. Anakhala m'midzi, pakati pa anthu.

Akuluakulu a ku Ntcheu ndi ku Dedza, komwe msewu waukulu umayenda m'malire enieni, amakumbukira bwino. Anthu ankatulukira m'mamawa atavala masaka kapena nyanda, mapazi atatupa, ena atadulidwa makutu kapena milomo. Ankalankhula chilankhulo chomwecho, mfunda wawo unali womwewo, ndipo ambiri anali ndi azibale kutsidya lino. Nyakwawa inkawalozera pomanga kanyumba, mayi wa pakhomo n'kuwabwereka mphika ndi mtondo. Iwo ankagwira maganyu m'minda, ankasinthanitsa mafuta ophikira ndi nandolo za thandizo ndi masamba kapena nkhuni, ankaimba nawo kwaya, ankalira nawo maliro. Zinali ndi mtengo wake, chifukwa nkhalango zinatha, zitsime zinaphwa, zipatala zinadzaza. Koma anthu ankakumbutsana kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendowo anayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 pafupifupi onse anali atapita. Anasiya maukwati, zidzukulu ndi ubale umene ulipobe.

Zaka zimenezi ndi zomwenso zinasintha ndale za kuno. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Mu Okutobala chaka chomwecho a Orton Chirwa anamwalirira m'ndende ya Zomba, ndipo akazi awo, mayi Vera Chirwa, anamasulidwa mu Januwale 1993. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 anasankha a Bakili Muluzi kukhala mtsogoleri. Ndende zomwe zinatchuka ndi nkhanza zinalibenso malo m'dziko latsopanolo. Mu 1994 momwemo boma, mogwirizana ndi nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo ya UNHCR, linasandutsa Dzaleka kukhala msasa. Malo omwe anthu ankatengeredwako kukazunzidwa anakhala kothawira anthu ozunzidwa kwina.

Alendo atsopanowa sanali ngati a ku Mozambique aja. Anachokera kutali, ndipo kuno analibe malume kapena azakhali. Ku Burundi nkhondo inabuka mtsogoleri wawo Melchior Ndadaye ataphedwa mu Okutobala 1993. Ku Rwanda, kuyambira Epulo mpaka Julayi 1994, anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku 100 okha. Moto womwewo unayaka kum'mawa kwa Congo mu 1996, n'kuyakanso mu 1998, ndipo m'zigawo za Kivu sunazime mpaka lero. Mu 2015 a ku Burundi anathawanso, mtsogoleri wawo Pierre Nkurunziza ataimanso kachitatu pa chisankho. Ena anachokera ku Somalia ndi ku Ethiopia. Ambiri amadutsira ku Tanzania, wapansi, pa ngalawa za pa nyanja ya Tanganyika kapena pamwamba pa katundu m'malole, n'kulowa m'dziko lino cha ku Karonga, komwe amasungidwa kaye asanawatumize ku Dowa. Msasa wa Luwani ku Neno utatsekedwa mu 2007, omwe anali kumeneko anasamutsidwiranso ku Dzaleka.

Malowa anakonzedwa kuti musamakhale anthu opitirira 12,000. Lero muli oposa 50,000, ndipo ochuluka ndi a ku Congo. Zigawo za msasawu zili ndi mayina omwe Mmalawi akawamva amadabwa: Kawale, Likuni, Zomba, Blantyre. Tinjira ta pakati pa nyumba n'topapatiza moti anthu awiri amapatukirana, ndipo mvula ikagwa madzi ndi zonyansa zimayenda momwemo. Kusanache zigubu zachikasu zimakhala zitandandalikidwa kale pa mjigo, chilichonse chikuimira mwini wake amene wapita kukasamalira ana. Mtsikana wa zaka khumi amakhala pa chigubu chake atafunda chitenje, akuyang'anira cha mayi ake ndi cha mnansi wodwala, ndipo akafika pompopa dzuwa lakwera, nthawi ya sukulu yadutsa. M'nyumba ya zipinda ziwiri mumagona makolo, ana awo ndi ana ena omwe anawatola panjira pothawa.

Katundu wolemera kwambiri amene anthuwa amafika naye saoneka ndi maso. Pali amayi omwe anagwiriridwa ndi asilikali pamaso pa amuna awo ndi ana awo. Pali abambo omwe anamangidwa manja kumbuyo masiku ambiri mpaka zala zinafa, ena anachitidwa zamanyazi zomwe sangazinene ngakhale kwa akazi awo. Pali anyamata omwe anagwidwa ali ana n'kupatsidwa mfuti. Munthu wotere akapita kuchipatala sanena zimenezi. Amati mutu ukumupweteka, msana ukuwawa, mtima ukuthamanga, tulo sakupeza. Amalandira panado, n'kubweranso sabata yamawa ndi dandaulo lomwelo. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, akaona yunifomu amatuluka thukuta, ndipo ena amathawira ku mowa kapena kulusira ana. Wozunza amafuna kuti munthu asadzakhulupirirenso mnzake aliyense, ndipo nthawi zambiri zimatheka. N'chifukwa chake kuchira kwa munthu wozunzidwa sikungachitike ali yekha. Kumayamba pamene wapeza wina womumvera mosamufulumiza, mosamukayikira ndiponso mosakauza ena.

Mabungwe ayesetsa mbali yawo. Boma limayendetsa msasawu kudzera ku nthambi yoona za othawa kwawo, UNHCR imalembetsa ndi kuteteza, ndipo bungwe la WFP limapereka chakudya. Kale linkagawa chimanga, nyemba ndi mafuta, koma m'zaka zaposachedwa lakhala likupereka ndalama, ndipo thumba likachepa thandizolo ladulidwapo mpaka theka. Chipatala cha pa Dzaleka chimathandiza othawa kwawo ndi Amalawi a m'midzi yozungulira pa mzere umodzi. Bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa sukulu komanso kuphunzitsa alangizi ochokera pakati pa othawa kwawo eniake, omwe amatha kukhala pansi ndi munthu n'kumumvera m'Chiswahili, Chikirundi, Chinyarwanda kapena Chifalansa popanda womasulira. Plan International inagwira ntchito zaka zambiri yoteteza ana ndi amayi ochitiridwa nkhanza. Kuyambira 2010 kunabweranso maphunziro a ukachenjede a pa intaneti, ndipo achinyamata ochepa amapeza mwayi wokaphunzira ku Canada kudzera ku bungwe la WUSC. Zonsezi n'zofunika, koma ogwira ntchitowo amavomereza okha kuti osowa thandizo ndi ochuluka kuposa manja othandiza.

Chisamaliro chachikulu chimachokera kwa othawa kwawo okhaokha. Banja latsopano likafika, amene amalipezera pogona usiku woyamba ndi anthu a kwawo kapena a mpingo wawo. Matchalitchi ndi ochuluka zedi mu Dzaleka, mizikiti iliponso, ndipo Lamulungu nyimbo zimamveka mbali zonse. Kwa ambiri, kwaya ndi malo oyamba kumene amatulutsanso mawu mokweza chithawireni kwawo. Amayi amasiye amasonkhana m'magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, ngati mabanki mkhonde athu. Amakumana kuti awerenge ndalama, koma buku likatsekedwa sabalalika msanga. Wina amayamba kunena za mwana wake amene anasiyana naye pa mtsinje, anzake n'kusiya zomwe akuchita. Palibe amene amamudula mawu, chifukwa aliyense ali ndi mtsinje wake. Maliro akachitika, oyandikana nawo amasonkha kangachepe kogulira matabwa, ndipo munthu amene anakwirira abale ake mothamanga, kapena sanawakwirire n'komwe, amapeza mpata wolira mokwanira.

Ena mwa iwo anafika pokhazikitsa ntchito zodziwika. A Innocent Magambi, omwe anabadwira m'moyo wothawa kwawo ndipo anakhalapo mu Dzaleka, anayambitsa bungwe la There Is Hope lomwe laphunzitsa ukalipentala, utelala, zomangamanga ndi ntchito zina za manja kwa othawa kwawo pamodzi ndi achinyamata a ku Dowa. Mlakatuli wa ku Congo, a Trésor Nzengu Mpauni, odziwika ndi dzina loti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Pa masiku a chikondwererochi oimba a m'dziko lino ndi akunja amakwera nsanja imodzi ndi magulu a mumsasa, kulowa n'kwaulere, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za othawa kwawo n'kulipira kangachepe. Munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akuima pa mzere kudikira kupatsidwa amasanduka mwini khomo, woyala mphasa ndi kutenthetsa madzi osamba a mlendo. Ulemu umenewo ndi mankhwala omwe chipatala sichingalembe pa kabuku.

Amene akufuna kuona ubale wa msasawu ndi midzi yozungulira apite Lachiwiri, tsiku la msika waukulu. Alimi a ku Dowa amatsika ndi njinga zitalemedwa ndi tomato, kabichi, mbatata, nkhuni ndi nkhuku. Amabwerako ndi zitenje, kaunjika, mafoni okonzedwa ndi chapati chotentha. Mayi wa ku Congo amasinja chigwada, chomwe kwawo amati sombe, uku akutsutsana mtengo wa anyezi m'Chichewa chomveka bwino, ndipo mnyamata wa kabaza wa pa Dowa amamuyankha m'Chiswahili. Ana a m'midzi amaphunzira nawo m'sukulu za mumsasa, pali maukwati, pali maganyu mbali zonse ziwiri. Madandaulo aliponso ndipo ndi oona. Mitengo inatha m'mapiri ozungulira, malo olima achepa, madzi savuta mumsasa mokha, ndipo mlimi amene nkhokwe yake yatha mu Januwale amamva kuwawa poona thandizo likudutsa pakhomo pake. Amene amanyoza madandaulo otere sanagonepo ndi njala ku Dowa.

Vuto lalikulu la Dzaleka silili pa msika koma m'malamulo. Malawi inavomereza pangano la mayiko la 1951 lokhudza othawa kwawo mu 1987, koma inakana kumangidwa ndi ndime zingapo, kuphatikizapo za ufulu wogwira ntchito, woyenda ndi wosankha pokhala. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989. Linalembedwa m'nthawi ya alendo a ku Mozambique, ndi maganizo akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kwa a ku Mozambique zinaterodi. Koma pa Dzaleka papita zaka zoposa 30. Mwana amene anabadwira mumsasa mu 1996 lero ndi kholo, ndipo ana ake abadwira momwemo. Kwawo kumene amamuuza sanakuonepo, Chichewa amachilankhula ngati mwana wa ku Mponela, koma si nzika, sangalembedwe ntchito mwaufulu, ndipo kuti atuluke kupita kutali amafunika chilolezo. Namwino, mphunzitsi kapena makanika wodziwa ntchito yake amakhala manja lende kapena kugwira ntchito yongodzipereka ya malipiro ochepa. Omwe amapeza mwayi wosamukira ku America, Canada kapena Australia ndi ochepa kwambiri. Otsalawo amadikira, osadziwa tsiku, monga momwe akaidi aja ankadikirira pa nthaka yomweyi.

Ambiri analephera kupirira ndipo anatuluka kukayamba timabizinesi m'matauni ndi m'misika ya kumidzi. Tonse tinazolowera kutuma mwana kuti akagule mchere kapena mafuta kwa Mburundi, ngakhale mwini golosaleyo atakhala wa ku Rwanda kapena ku Congo. Ena anakwatira ndi kukwatiwa kuno, n'kumalipira lendi kwa Amalawi ndi kulemba ntchito ana a Amalawi. Mu 2021 boma linalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka. Nkhani inapita kukhoti, lomwe linaimitsa kaye lamulolo, koma chiletsocho chinachotsedwa mu 2022, ndipo mu 2023 boma linapereka tsiku lomaliza la 15 Epulo. Pa 17 Meyi chaka chomwecho apolisi ndi asilikali anayamba kugwira anthu mu Lilongwe. Mazanamazana, kuphatikizapo ana, anasungidwa kaye ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dowa, ndipo mashopu ndi makontena a katundu anatsekedwa. Msasa umene unali wodzaza kale unalandira anthu ena omwe analibe pogona.

Boma lili ndi udindo wodziwa amene ali m'dziko muno. N'zoona kuti pakati pa othawa kwawo mungabisale anthu omwe anapha anzawo kwawoko, ndipo n'zoona kuti pali ozembetsa anthu omwe amadyera pa mavuto a msasawu. Amenewo afufuzidwe ndi kuzengedwa milandu, aliyense pa dzina lake. Koma tiganizire za mayi amene anathawa kwawo asilikali atagogoda pa chitseko usiku. Kwa zaka zambiri wayesetsa kudzimanganso, ali ndi kagolosale, ana ali pa sukulu, wayambanso kugona tulo. Kenako kugogoda kuja kwabweranso, galimoto ili panja, ana akulira. Zomwe alangizi, mpingo ndi anansi anamanga pang'onopang'ono zimagwa m'mawa umodzi. Dziko lomwe malamulo ake aakulu amaletsa kuzunza munthu, lomwenso linavomereza pangano la mayiko lothana ndi mchitidwewu mu 1996, liyenera kusamala kwambiri pogwira anthu omwe ali ndi mabala otere.

Tikamanena za ozunzidwa a pa Dzaleka tisaiwale oyamba aja. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa bwalo lapadera loona za chipukuta misozi, la National Compensation Tribunal, kuti limve madandaulo a omwe anazunzidwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Anthu zikwizikwi anakalembetsa. Ambiri analandira kangachepe koyambira, ena osalandira kalikonse, ndipo nthawi ya bwalolo, yomwe inali zaka 10, inatha nkhani zawo zili m'mafayilo. Mu 2017 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi mayi Martha Chizuma, inafufuza nkhaniyi ndipo inapeza kuti boma silinawachitire chilungamo anthuwa. Ambiri a iwo amwalira akudikira. Omwe atsala ndi okalamba, ndipo zomwe anaona pa Dzaleka, ku Mikuyu ndi kwina zikupita nawo kumanda pang'onopang'ono. Mtundu umene sunamvere mokwanira ozunzidwa ake umavutika kuzindikira bala lomwelo ukaliona pa mlendo.

Komabe mbiri yomweyi ikutiuza kuti njira tikuidziwa, pakuti tinaiyendapo. Anthu a ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena anasunga alendo oposa 1 miliyoni ali osauka kuposa lero, ndipo chomwe chinawathandiza alendowo kukhalabe anthu ndi chakuti ankaloledwa kugwira khasu, kupita kumsika ndi kukhala pa maliro ngati aliyense. Zomwe zikufunika pa Dzaleka n'zodziwika. Lamulo la 1989 likonzedwe kuti wothawa kwawo wolembetsedwa bwino athe kugwira ntchito, kuchita malonda ndi kulipira msonkho poyera. Ana obadwira kuno apatsidwe njira yomveka yodziwira tsogolo lawo. Anamwino ndi alangizi odziwa za matenda a maganizo achuluke pa chipatala cha Dzaleka ndi cha Dowa, kuti athandize wothawa kwawo ndi Mmalawi yemwe. Thandizo lililonse lobwera mumsasa, kaya ndi mjigo, sukulu kapena mbande za mitengo, lifikenso m'midzi yozungulira. Ndipo omwe anamangidwapo pamalowa, akadali ndi moyo, afunsidwe, nkhani zawo zilembedwe, chipukuta misozi chawo chiperekedwe.

Chaka chilichonse pa 20 Juni dziko lapansi limakumbukira othawa kwawo, ndipo pa 26 Juni limakumbukira ozunzidwa. Kwa ife masiku awiriwa amakumana pa malo amodzi m'boma la Dowa. Makolo athu omwe ankakhala pafupi ndi ndende ija anali ndi chifukwa chokhalira chete, chifukwa kulankhula kukanawatengera m'kati momwemo. Ife chifukwa chimenecho tilibe. Tili ndi aphungu oti tiwafunse za lamulo lija, tili ndi mipingo yoti ikacheze ndi mipingo inzake mumsasa, tili ndi agogo oti tikhale nawo pansi atiuze zomwe anaona. Ntchito imeneyi ndi ya m'badwo uno, ndipo tikaizengereza, ana obadwira pa Dzaleka adzakalambira pa mzere, pamene akaidi akale omaliza adzapita osamvedwa.